Kamphete ka Diso la Kumanja

Mudzi wa Kanjuchi,
Mphunzi,
Dedza.

Lachinayi, 13 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Rute,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Bangwe. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ngati tinachilakwira. M'mawa udzu ukumayera kuti mbuu, ndipo nyemba za kudimba zapserera masamba.

Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Inu pa foni mumayankhula ngati mukuthamangira basi, ine ndisanafike pakati pa mawu mwandiyankha kale, chonsecho nkhani ndili nayoyi imafuna kuimva kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kalatayi ndipatsira a Macdonald a lole ya mbatatesi aja, anyamuka mawa. Kathumba kosokedwa ndi chingwe chofiira ndi kanu. Mbatatesizo ndasankha ndekha imodziimodzi, komabe mukangolandira muzikhuthule, za pansi pa thumba sizichedwa kuola.

Achemwali, maso anga ali bwino! Maso anga ali bwino, sindikuchita khungu ayi. Ndikudziwa mukudabwa kuti kodi ndani ananena zoti ndikuchita khungu. Palibe, chifukwa sindinauze munthu. Mwezi watha pamene ndinakupemphani kuti mundifunire ntchito ya ulonda ku Blantyre, ndinati alendo achepa kuno kuphiri. Alendo sanachepe. Akubwerabe kudzaona zojambula za m'mapanga, ndipo okonda mbalame akuchulukira chaka ndi chaka. Ine ndi amene ndinkafuna kuithawa ntchito yanga yowaonetsa mbalame, isanandithawe yokha pamaso pa anthu. Choncho kwa abwana munayankhula nawo aja musavomere kaye, komanso musakane kaye. Muyambe mwawerenga.

Mukuikumbukira bainokula ya abambo, magalasi oonera patali aja anawasiyira mzungu wa za nkhalango pamene ankalondera mitengo ku Chongoni. Ndi imene yandidyetsa ine ndi ana anga chimwalirire abambo. Mukudziwa momwe ndimaisamalira. Sigona kunja kwa chikwama chake, sindiipukuta ndi malaya, ili ndi kansalu kakekake komwe amake Samuel sachapira pamodzi ndi zovala zina. Koma kuyambira chaka chatha, ndikaiika kumaso zinthu zinayamba kusokonekera. Ndikazunguza gudumu lapakati kuti diso la kumanzere lione bwino, la kumanja limaona chimbuuzi. Ndikakonzera la kumanja, la kumanzere limalowa m'nkhungu. Maso a munthu mmodzi kumakanganirana mbalame imodzi ngati akazi a pamitala! Misozi chuchuchu, ndipo pofika masana litsipa ngati wina akukhoma msomali pamwamba pa nsidze.

Ndinapita kuchipatala mwakabisira. A dokotala anandiwerengetsa zilembo za pakhoma, kundiunika ndi katochi, kenaka anati, "Bambo, maso anu ndi a msinkhu wanu. Patali mukuona bwino. Mungogula magalasi owerengera Baibulo basi." Magalasiwo ndinagula, koma mawu awo sindinawakhulupirire. Ndinati akungondilimbitsa mtima, monga momwe ife tinkawalimbitsira mtima amayi tikudziwa kuti sadzukanso.

Ndiye linafika tsiku la manyazi. Pali mayi wina wa kwanu komweko ku Blantyre, a Jacqueline, amene amabweretsa magulu a anthu okonda mbalame. Ndi munthu wabwino, ndipo alendo ambiri amene ndimalandira amamva dzina langa kwa iwo. Mu Epulo anabwera ndi gulu lawo. Tikukwera kanjira ka kuseri kwa phanga lalikulu, ndinaona chinthu chakuda chikugwedezeka pa nthambi youma ya msuku. Ndinaika bainokula, misozi n'kuyamba, ine osafuna kuti alendo aone kuti ndikuvutika. Ndinangolengeza molimba mtima kuti, "Nthengu uyo! Taonani mchira wake wa mphanda."

Onse anakweza mabainokula awo. Kenaka bambo wina wachikulire wa chipewa chachikulu anati, "Pepani a Kalisto, nthengu wanuyu ali ndi zogwirira."

Inali jumbo, achemwali. Jumbo yakuda yomwe mphepo inakoleka pamtengo.

Anthu anaseka, ine n'kusekanso nawo mano okha. Tsoka lake a Zikhalo, anzanga amene amaonetsa alendo zojambula, anali pomwepo. Pakamwa pawo mukupadziwa. Mpaka lero tikakumana amandifuulira ali patali kuti, "Akatswiri! Dzulo pamsika ndaona anthengu ambirimbiri, wina ananyamula tomato!" Ngakhale ku mphakati tsiku lina anandinong'oneza pakati pa pemphero kuti nthengu wa masiku ano saikira mazira, amaikira buledi. Ndinalephera kuyankha Amen.

A Jacqueline okha sanaseke. Potsika ananditengera pambali nati, "A Kalisto, tibweranso pakati pa Juni. Ndikubweretsa anthu ochokera kutali amene akufuna kuona mbalame ya nkhulukulu basi. Ngati maso akuvuta mundiuze poyera, ndifune munthu wina. Sindikufuna kuchita manyazi, sindikufunanso kukuchititsani manyazi." Pakati pa Juni ankanenapo ndi Loweruka likubwerali, mkuja.

Ndinali nditatsimikiza zowaimbira kuti afune wina. Lolemba ndinakwera kabaza kupita ku boma ndi ganizo limodzi lokha, loti Che Amadu, okonza mawotchi ndi mawailesi aja a kuseri kwa msika, aipukute m'kati komaliza, ine ndikaitsekere m'sutikesi, adzukulu adzaione m'tsogolo kuti pakhomo pano panali chinthu.

Nditangoitulutsa m'chikwama, Che Amadu anasiya wotchi yomwe ankakonza. Anaitembenuza uku ndi uku, naloza kachithunzi ka mbalame kodindidwa paphewa lake la kumanzere.

"Mashallah! Che Kalisto, mwana uyu munamutenga kuti? Abale ake ndili nawo muno!"

Analowa kuchipinda. Ndinamva akukoka makatoni, akazi awo a Asiyatu akuwakalipira kuti awatayira mpunga. Anatuluka fumbi lili kumutu atanyamula mabainokula awiri, omwe akuti anagula pa okushoni ya katundu wa ku esiteti ina ya fodya. Anayala nsalu patebulo n'kuwandanda onse atatu, ya abambo pakati.

"Mayi mmodzi, kambalame kamodzi paphewa," anatero. "Kusiyana kwawo ndi zaka zobadwa. Uyu ndi chisamba, wanuyu ndi wapakati, uyu ndi mzime. Tayambani ndinu, muli ndi maso a mbalame. Akusiyana pati?"

Mumtima ndinati, maso a mbalame ake ati. Koma achemwali, munthu ukakhala ndi chinthu moyo wonse n'kumayesa kuti padziko chilipo chokha, kenaka n'kuona abale ake ali pambali pake, mtima umadumpha. Ndinavala magalasi anga owerengera, kupukuta manja pathalauza, n'kuyamba.

Chisamba uja ndi wolemera, mukamunyamula mumamva kuti mwanyamula chitsulo. Chikopa chake chakuda chinasupuka m'makona mpaka mkuwa kumaoneka. Zilembo za dzina lake anachita kuzokota, mukapitsapo chala mumazimva. Magalasi ake akutsogolo ndi oyera ngati a pawindo, alibe mtundu uliwonse, ndipo timakapu toikapo maso ndi tolimba ngati nyanga ya mbuzi. Mzime ndi munthu wina. Anavala labala yobiriwira thupi lonse ngati msilikali, ndi wopepuka, akuti saopa mvula, ndipo timakapu take ndi ta labala, timapindika kuti wovala magalasi asachite kuwavula. Magalasi ake mukawapendeketsa amabiriwira ngati madzi a m'dziwe.

Ya abambo ndinkayesa kuti ndimaidziwa ngati chikhatho changa, koma ndinaidziwa tsiku limenelo itakhala pakati pa abale ake. Chikopa inatengera kwa chisamba, koma zilembo zake ndi zopenta, osati zozokota. Mapewa ake ndi otakata kuposa onse awiri. Ndipo magalasi ake akutsogolo aja amaonetsa mtundu wa buluu wofiirira ngati pakhosi pa kambalame ka choso. Mtundu umenewu ine wakhala ukundidetsa nkhawa, ndinkati ndi litsiro lomwe likukana kuchoka. Nditanena zimenezi Che Amadu anagwira kumutu.

"Litsiro? Amenewo ndi mankhwala anapaka kufakitale kuti kuwala kuzilowa konse, kusamabwerere pakhomo. Chisamba anabadwa nzeru imeneyi isanabwere. Mukanati mukweche, mukanapha makina. Mulungu anagwira dzanja lanu."

Ndinatuluka thukuta m'chisanu muja.

"Koma makina sayesedwa patebulo," anatero. "Tiyeni pakhonde."

Pakhonde anandipatsa chisamba nati, "Konzani kaye kamphete ka diso lanu."

"Kamphete kati?"

"Aka, kozungulira diso la kumanja."

"Ako sakhudza!" Ndinafuula osadziwa, mpaka mnyamata wogulitsa mayunitsi tsidya la msewu anacheuka.

Che Amadu anandiyang'ana ngati ndanena kuti njinga sakwera. Kenaka anabwerera m'kati, natenga ya abambo, n'kuyang'anitsitsa ulusi womwe unakulungidwa pa kamphete kake.

Achemwali, apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza inu. Mukukumbukira tsiku lija abambo anaisiya pampando akusamba, inu muli Sitandade 4, ndipo munaitenga n'kumazunguza chilichonse chozungulika. Ine ndinali pambali panu ndikudikira kuti mundibwereke. Abambo atabwera anaiika kumaso, nkhope n'kusintha. Anathyola nthambi ya mpichesi. Sindinawaonepo atakwiya chomwecho, ndipo inu mizere ya m'miyendo munayenda nayo sabata yonse. Tsiku lomwelo anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana phiri ndi kuzunguza pang'onopang'ono, kenaka anakulunga kamphete kaja ndi ulusi wakuda wosokera nsapato, n'kumata phula la njuchi pamwamba. Anatiitana tonse awiri nati, "Kamphete aka sakhudza. Mwamva?" Tinati tamva.

Pamene ankamwalira anangondiikira chikwamacho m'manja nati, "Itenge ndiwe." Mawu a kamphete sanawamasule. Ndipo inu mukudziwa momwe tinaleredwera, chomwe amanga akulu mwana samasula. Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti kamphete kaja ndi kamene kamagwira magalasi onse a m'kati, kuti kakangozungulira zonse zikhuthukira pansi. Chaka chilichonse phula likayamba kung'aluka ndimapempha lina kwa oweta njuchi n'kumatanso bwinobwino.

Ndinawafotokozera Che Amadu zonsezi. Sanaseke. Anangoti, "Chabwino. Ya bambo anu tiisiye kaye. Koma chisambayu si wa bambo anu, ndi wanga, ndipo ine mwini wake ndakulolani. Mukuona khwangwala ali padenga la mzikiti uyo? Tsinzinani diso la kumanja. Zunguzani gudumu lapakati mpaka la kumanzere limuone bwino. Mwamuona? Gudumu musalikhudzenso. Tsopano tsinzinani la kumanzere, mutsegule la kumanja, muzunguze kamphete."

Chala changa chinakana. Anachita kundigwira dzanja ngati mwana wophunzira kulemba. Kamphete kanayenda mofewa, palibe chinakhuthuka. Khwangwala anachoka m'nkhungu pang'onopang'ono mpaka anaima nji.

"Tsegulani onse awiri."

Achemwali! Khwangwala mmodzi! Mmodzi yekha, wathunthu, nthenga iliyonse payokha, choyera cha pakhosi pake ngati kolala ya ansembe, ndi kafupa ka nkhuku kali kumlomo. Panalibe msozi, panalibe kukoka m'mutu. Maso anga awiri anagwirizana ngati sanayambanepo. Ndinakuwa pakati pa tauni kuti, "Mayo ine, ndikuona! Ndikuona!"

Amayi ogulitsa kabichi pafupi pamenepo anaimirira. Wina anafunsa kuti, "Awapempherera ndani bambowa?"

Che Amadu anati, "Msilamu, mayi! Bweretsani odwala ena, koma wailesi yakufa ndiye ndimalipiritsa."

Kuyambira pamenepo sindinafunenso kuchoka pakhondepo. Ndinayesa onse atatu mosinthanasinthana. Chisamba amaonetsa bwino koma zinthu zimachita chikasu pang'ono ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo mukaloza chakudzuwa mumachita utsi woyera. Mzime ndi wowala, wakuthwa, mitundu imatuluka ngati chitenje chatsopano, koma ndi wopanikiza, ngati mukusuzumira m'paipi. Ndikamuloza tsidya la msewu munkalowa shopu ya telala yokha. Ya abambo, ndikatsinzina diso la kumanja n'kuyang'ana ndi limodzi, munkalowa telala, butchala, ndi njinga yotsamira pamtengo.

"Mwaona?" anatero Che Amadu. "N'chifukwa chake okonda mbalame amamulirira wapakatiyu mpaka lero. Mbalame ikadumphira nthambi ina situluka m'galasi. Atapanga mzime anapeza kuwala koma anataya bwalo."

Kenaka anavala kagalasi kawo ka padiso limodzi kokonzera mawotchi, n'kusuzumira m'mphepete mwa ulusi pomwe timizere ta kamphete timaonekera.

"Che Kalisto, bambo anu diso la kumanja linali bwanji?"

Ndinati linali bwinobwino. Koma ndisanatseke pakamwa ndinakumbukira chaka cha moto wa m'nkhalango, pamene anabwera kunyumba atamanga nsalu kumaso, nthambi yoyaka itawakwapula. Anati lapola, ife tinakhulupirira.

"Kamphete aka anakazunguza pafupifupi mpaka kumapeto," anatero Che Amadu. "Munthu wa maso ofanana sangakafikitse uku. Diso lawo linali lofooka kwambiri, ndipo anakonza makinawa kuti alithandize. Inu ndiye mwakhala mukuyang'ana mbalame ndi diso la bambo anu. Muli mnyamata diso lanu linali ngati lasitiki watsopano, linkadzikoka lokha mpaka kufikapo, inu osadziwa. Pano lasitiki wakula, wakana kukoka. Si matenda amenewo. Ndipo chimbuuzi chomwe inu mumaona mukaika makinawa, chonga chomwecho ndi chimene iwo ankaona akawachotsa."

Ndinakhala pansi pa sitepe. Achemwali, mukukumbukira momwe ankapendeketsera mutu akamatiyang'ana? Ife tinkati akapendeketsa ndiye kuti akwiya, tinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Ankatifuna ndi diso labwino. Munthu analondera nkhalango yonse ija ndi diso limodzi, osauza amayi, osauza abwana ake, poopa kuchotsedwa ntchito. Malo okhawo pomwe ankaona dziko ndi maso onse awiri anali m'magalasi amenewa, ndipo inu tsiku lija munawasokonezera osadziwa. Sindikunena kuti anachita bwino kukukwapulani. Ndikungonena kuti m'nthambi ya mpichesi ija munali mantha. Ndikuwadziwa mantha amenewo, ndagona nawo chaka chathunthu.

A Asiyatu anatibweretsera tiyi wa tangawizi. Ndinapempha Che Amadu kuti adule ulusiwo ndi iwo, popeza ndi amisiri. Anakana.

"Mfundo ya malemu ine sindidula. Mudzandida tsiku lina mukadzawalota. Koma njira ina ilipo. Pali dokotala wina wa ku Lilongwe amene amasonkhanitsa zimenezi, akubwera Lachisanu kudzatenga awiriwa. Amene akumufunitsitsa ndi wapakati, wamusaka zaka. Ndisiyireni wanuyu ndi ulusi wake momwemo, inu mutenge mzime. Mawu a bambo anu simunawaphwanye, ndipo Loweruka muona nkhulukulu mpaka nsidze."

A Asiyatu anaika kapu patebulo mwamphamvu. "Inu bambo, munthu akukumbukira maliro a bambo ake, inu mwayamba kale malonda?"

"Ndine wamalonda, mayi, ndipo ndanena poyera dzuwa likuwala. Kodi ndamubisira kuti wakeyo ndi amene ali wabwino?"

"Imwani tiyi, achimwene," anatero a Asiyatu kwa ine. "Awa akakuonani mwavala nsapato zabwino akuuzani kuti mapazi anu ndi amene akuchepa."

Ndinati ndikaganize. Ndisaname, mzime ndinamugwiranso kawiri ndisanatuluke. Ndi wokongola, achemwali, ndipo mvula ya kuphiri kuno mukuidziwa.

Kunyumba ndinafotokozera amake Samuel zonse, kuyambira kuchipatala mpaka kwa khwangwala. Anandimvetsera atagwira m'chiuno. Nditamaliza anati, "Ndiye chaka chonse mwakhala mukubuula ngati ng'ombe yodwala, ine kumayesa kuti mwapeza mkazi wina, chonsecho ndi ulusi? Lezala ili pawindo apo."

Ndinati, "Mayi, si ulusi wamba."

Anati, "Apongozi anga anali munthu wanzeru. Akanadziwa kuti mwana wawo adzalozera azungu jumbo, akanaudula okha ndi mano."

Mwina akunena zoona. Koma iwo sanalipo pakhonde paja pamene tinati tamva. Tinalipo awiri, inu ndi ine, ndipo wamkulu amene watsala ndinu. N'chifukwa chake ndalemba. Njira zili patatu. Ndikasiya zonse momwe zilili, ntchito yatha, ndibwera kudzalondera geti ku Blantyre. Ndikatenga mzime, mawu a abambo akhala osaphwanyidwa, koma bainokula yawo ikakhala m'kabati ya munthu wosawadziwa, amene ulusiwo adzaudula tsiku lomwelo n'kuutaya kudzala. Njira yachitatu ndi yoti inu, monga wamkulu, munene kuti, "Kalisto, masula." Ndikupempha ndi ulemu wonse, achemwali, mundimasulire mawu aja. Ine ndikuona kuti abambo ankaletsa ana osewera, sankaletsa munthu wa imvi wofuna kudyetsa banja. Koma ndikhoza kukhala kuti ndikudzikometsera mlandu, paja munthu sadziweruza yekha.

Za kuno zina ndi zochepa. Denga la tchalitchi tamaliza, latsala khomo. Samuel akulimbikira ku sekondale, akuti masamu ndi amene akumuzunza. Mbuzi yanu ija yaswa ana awiri, wina wamawanga, ndipo ndawamangira khola lapadera chifukwa cha chisanu. Mankhwala a miyendo munatumiza aja amake Samuel akuti akuthandiza, akuthokoza kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti uchi anapempha uja ndikuwasungira. Moni kwa Timoteyo ndi azing'ono ake, muwauze kuti amalume awo akuti akadzabwera patchuthi adzawaonetsa nkhulukulu. Zilipo ziwiri mumkuyu wa kumunsi kwa manda, pafupi ndi pomwe anagona abambo. Dzulo m'mawa ndinaima kunja kwa msitu, dzuwa likungofika pansonga za mitengo, imodzi n'kutera poyera. Ana amenewo adzadabwa. Anthu amangodziwa zofiira za m'mapiko ikamauluka, koma ili ndi kamkombero kofiira kuzungulira diso, ndi kamzere koyera pansi pake ngati wina analemba ndi choko, ndipo nsonga za tsumba lake ndi zoyera ngati inaviika mu ufa. Inadumphira nthambi ina, kenaka ina, osatuluka m'galasi. Ndinaima pamenepo mpaka mapazi anachita dzanzi ndi mame.

Ndawerenganso zomwe ndalembazi ndipo ndaona kuti ndadzigwiritsa ndekha. Inu simuli a Zikhalo, mufunsa kuti kamzere koyera ndinakaona ndi chiyani. Sindifufuta.

Sindinadule, achemwali. Lezala sindinaikhudze. Ndinaika bainokula padzuwa mpaka phula linafewa, ndinafuna nsonga ya ulusi ndi singano, n'kuuvundukula pang'onopang'ono momwe anaukulungira. Watuluka wathunthu, sunaduke paliponse. Ndaukulunga pa kamtengo ka machesi, uli m'chikwama momwemo. Ndisanazunguze kamphete ndinadontheza kadontho ka penti yoyera pomwe abambo anakasiya, kuti malo a diso lawo asasowe. Che Amadu ndawaimbira kuti dokotala wawo apitirize kusaka. A Jacqueline ndawauza kuti andipeza pamphambano Loweruka m'mawa.

Ngati mukana, ndibwezera kamphete pa kadontho, ndikulunganso ulusi ndi kumata phula, ndipo sindidzadandaula. Mawu anu ndiwamvera monga ndinamvera a abambo. Pempho langa ndi limodzi lokha. A Macdonald afika kwanu mawa madzulo. Ngati yankho lanu ndi lovomera, imbani nthawi yomweyo, foni ndiisiya yoyatsa. Koma ngati ndi lokana, achemwali anga, musafulumire nalo. Muyambe mwaphika mbatatesi, mudye, mupume, mupite ku Misa Lamulungu, kenaka mundiimbire Lolemba.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu wokukondani,

Kalisto